Akatswiri Owotcha Mphamvu Ali Chigonere

Munthu wamkulu atagona pamphasa kuchokera m'mawa uno mpaka mawa m'mawa, osatembenuka, osayankhula, osanyamula ngakhale chikho cha madzi, thupi lake limatha makalori apakati pa 1,200 ndi 1,800. Sanalime, sanatunge madzi, sanapalase njinga, koma mphamvu yapita ndithu. Tikaiwerengera mu ufa wa mgaiwa, umene magalamu 100 ake amakhala ndi makalori pafupifupi 360, ndiye kuti wamaliza ufa wokwana magalamu 330 mpaka 500 ali chigonere. Kwa anthu ambiri, makamaka a ntchito zokhala pampando, mphamvu yotha mwakachetecheteyi ndi 60 mpaka 70 peresenti ya mphamvu yonse ya tsikulo. Zimene timaziona ndi maso n'kuzitcha ntchito zimangogawana zotsalazo.

M'makomo ambiri mtanda waukulu wa nsima umapita kwa amene wachokera kumunda thukuta lili kamukamu, pamene wogona m'nyumba amangomuphikira kaphala kamadzimadzi poti sakugwira ntchito iliyonse. Maganizo amenewa ndi amene andichititsa kusonkhanitsa akatswiri a mpikisano wosaonekawu, chifukwa amene ali patsogolo ambiri ndi ang'onoang'ono, odwala ndi oyembekezera.

Oyamba kuyeza

Woleza mtima kuposa onse pa nkhaniyi anali dokotala wa ku Padua, m'dziko la Italy, dzina lake Santorio Santorio. Anakonza mpando wolendewera pasikelo yaikulu, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 ankadziyeza asanadye ndiponso atadya, n'kuyezanso chakudya chake ndi zonse zotuluka m'thupi mwake. Anaona kuti zotuluka zooneka ndi maso n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zolowa. Zambiri zinkangozimirira kudzera pakhungu ndi mu mpweya. Analemba zimenezi m'buku lake la mu 1614, koma chimene chakudyacho chimasanduka sanachidziwe.

Chinadzaulula chinsinsicho ndi kambira. Mu mzinda wa Paris, m'nyengo yozizira ya 1782 kulowa 1783, Antoine Lavoisier ndi mnzake Pierre-Simon Laplace anaika mbira m'kakhola, n'kuzinga kakholako ndi madzi oundana. Kunja kwake anakutirakonso chipale china kuti kutentha kwa m'chipinda kusalowerere. Pansi panali kampopi. Kutentha kwa thupi la mbirayo kunkasungunula madzi oundanawo, iwo n'kumadontha m'mbale, ndipo pa maola 10 anadontha oposa magalamu 300. Atayerekeza ndi kutentha kwa makala amene atulutsa mpweya woipa wochuluka ngati wa mbirayo, manambala anayandikana kwambiri. Apa Lavoisier anatsimikiza kuti kupuma ndi kuyaka, kungoti kwapang'onopang'ono. Cha mu 1790 anaveka chophimba kumaso mnyamata womuthandiza, Armand Séguin, n'kuyeza okosijeni amene ankatha atakhala phee, atadya, ali pozizira, ndiponso akuponda chopondera ndi phazi. Aka kanali koyamba kuti mphamvu ya munthu wopumula iyezedwe. Ntchitoyo inadukira panjira: Lavoisier anadulidwa mutu pa 8 Meyi 1794, pa nthawi ya chipwirikiti cha ndale ku France.

Mpaka lero muyezo wodalirika umatsata njira yomweyo. Woyezedwa amagona osadya maola 10 kapena 12, n'kulawirira m'mawa. Amamugoneka chagada m'chipinda chosatentha komanso chosazizira, kumutu kwake n'kuvundikirako chipewa choonekera chimene chili ndi paipi yopita ku makina. Asagone tulo, asawerenge, asagwedeze miyendo, kwa mphindi 30 kapena kuposerapo. Makinawo amawerenga okosijeni wolowa ndi mpweya wotuluka. Lita imodzi ya okosijeni ikatha m'thupi ndiye kuti makalori ochepera 5 pang'ono apsa. Munthu wamkulu amatha kota ya lita pa mphindi, malita 360 pa tsiku, ndipo m'menemo ndi mmene mumachokera makalori 1,700 amene mabuku ambiri amatchula.

Chiwalo chadyera kuposa zonse

Mukafunsa anyamata onyamula zitsulo adzakuuzani kuti ndi minofu. Manambala amene Marinos Elia anasonkhanitsa mu 1992, omwe asayansi akugwiritsabe ntchito, akunena zina. Kilogalamu imodzi ya mtima imatha makalori 440 pa tsiku, ya impso 440 yomweyo, ya ubongo 240, ya chiwindi 200. Kilogalamu ya minofu yopumula imatha 13 okha, ndipo ya mafuta sifika n'komwe pa 5.

Mtima aliyense angaumvetse, poti sugona. Zodabwitsa ndi impso. Zonse ziwiri pamodzi zimalemera magalamu 300 okha, koma zimasefa malita pafupifupi 180 a madzi a m'magazi tsiku lililonse, n'kubwezera pafupifupi onsewo m'thupi kupatula lita imodzi ndi theka ya mkodzo. Kubwezako, kutola mchere ndi shuga kuti zisatayike, ndiko kumadya mphamvu. Ziwalo zinayizi, mtima, impso, ubongo ndi chiwindi, sizikwana 6 peresenti ya kulemera kwa thupi, koma zimatenga pafupifupi 60 peresenti ya mphamvu ya munthu wopumula. Ubongo pawokha umalemera 2 peresenti n'kumadya 20 peresenti, ndipo umadya choncho kaya mwini wake akulemba mayeso a Fomu 4 kapena akungoyang'ana kudenga. Kusiyana kwake n'kochepa zedi.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi otsatsa malonda amene amalonjeza kuti mukamanga minofu muzisungunula mafuta muli mtulo. Munthu akavutika miyezi yambiri n'kuonjezera makilogalamu 3 a minofu, phindu lake la chigonere ndi makalori 40 pa tsiku, osakwana theka la nthochi. Kunyamula zitsulo kuli ndi ubwino wochuluka pa mafupa, pa matenda a shuga ndi pa ukalamba, ndipo n'koyenera kukulimbikitsa chifukwa cha zimenezo.

Msinkhu woyaka kwambiri

Mu 2021 magazini ya Science inatulutsa kafukufuku wamkulu kuposa onse pa nkhaniyi. Herman Pontzer wa ku yunivesite ya Duke ndi anzake ambirimbiri anaphatikiza miyezo ya anthu oposa 6,400 a m'mayiko 29, kuyambira khanda la masiku 8 mpaka gogo wa zaka 95. Atachotsera kusiyana kwa kukula kwa matupi, katswiri anapezeka kuti ndi mwana wa chaka chimodzi. Thupi lake limawotcha mphamvu mofulumira ndi 50 peresenti kuposa la munthu wamkulu. Pobadwa khanda limayenda pa liwiro la mayi ake, kenako m'miyezi yotsatira limakwera mpaka kufika pachimake cha pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake loyamba. Kuchoka apo liwirolo limatsika pang'onopang'ono mpaka pa zaka 20.

Kafukufukuyu anagwetsa zikhulupiriro zingapo nthawi imodzi. Pa kutha msinkhu palibe kukwera kwapadera. Wachinyamata amadya kwambiri chifukwa thupi lakula basi. Mwamuna ndi mkazi ofanana minofu ndi mafuta amawotcha mofanana. Ndipo kuyambira zaka 20 mpaka 60 liwiro silisintha, choncho mimba yotsogola ya pa zaka 40 tiifufuze kumbale ndi kumpando, osanamizira thupi kuti lafooka. Kutsika kwenikweni kumayamba munthu akadutsa zaka 60, ndi 0.7 peresenti pa chaka, moti wa zaka za m'ma 90 amakhala atatsika ndi 26 peresenti.

Pali nambala ina imene ndimafuna kholo lililonse litaidziwa. Christopher Kuzawa ndi anzake anawerengera mu 2014 kuti ubongo wa mwana wa zaka pafupifupi 5 umadya shuga wofanana ndi 66 peresenti ya mphamvu yonse ya thupi lake lopumula. Pa msinkhu womwewo ndi pamene mwana amakula pang'onopang'ono kuposa nthawi ina iliyonse ya ubwana wake, ngati kuti thupi layamba ladikira kuti mutu ukhute. Mwana wotereyu akapita ku sukulu ya mkaka m'mimba muli pululu, chiwalo choyamba kuperewedwa ndi chomwe tamutumira kuti akachigwiritse ntchito. Phala la kusukulu ena amaliona ngati nyambo yokopera ana, koma ndi chakudya cha ubongo chenicheni.

Mbewa, njobvu ndi ena

Mu 1932 Max Kleiber, katswiri wa zakudya za ziweto ku Davis, m'chigawo cha California, anapeza lamulo limene likudziwikabe ndi dzina lake: nyama ikamakula, mphamvu yonse imene imatha imakwera, koma osati mofanana ndi kulemera kwake. Potsata masamu ake, mbewa ya magalamu 30 imatha makalori 5 pa tsiku ili chigonere, pamene njobvu ya matani 4 imatha 35,000. Koma tikagawa pa kilogalamu zinthu zimatembenuka: mbewa 170, munthu 24, njobvu 9. Njobvu ikanati iziyaka pa liwiro la mbewa, kutentha kwa m'thupi mwake komweko kukanaipha.

Ndiye pakati pa nyama zoyamwitsa chikho chimapita kwa wamng'ono kuposa onse, swiswiri wa mtundu wa Etruscan, wopezeka kumwera kwa Ulaya, kumpoto kwa Africa ndi ku Asia. Salemera magalamu 2, mtima wake umatha kugunda ka 1,500 pa mphindi, ndipo tsiku lililonse amadya tizilombo tolemera kuposa iye mwini, nthawi zina kuwirikiza kawiri. Kwa iye maola ochepa opanda chakudya ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Mbalame za hummingbird za ku America, zofananako ndi choso wathu, zili pa vuto lomwelo: masana mtima umadutsa ka 1,200 pa mphindi, ndipo usiku zina zimadzizimitsa kuti zione kunja kukucha. Mu 2020 ofufuza analengeza kuti anayeza imodzi m'mapiri a Andes ku Peru thupi lake litazizira kufika pa madigiri 3.3, kutsika kumene sikunayezedwepo pa mbalame ina iliyonse. Dzuwa likatuluka imanjenjemera mpaka kufunda, n'kuuluka.

Kumapeto enawo kuli sloth wa zala zitatu, wa m'nkhalango za ku Central ndi South America, amene amakhala cholendewera m'mitengo akudya masamba. Jonathan Pauli ndi anzake anamuyeza ku Costa Rica, n'kulengeza mu 2016 kuti nyama ya makilogalamu pafupifupi 4 imeneyi nthawi zina imatha makalori 110 okha pa tsiku lonse, kuyenda ndi kudya kuli momwemo. Pa nyama zoyamwitsa zosagona nyengo yonse yachisanu, palibe ina yoyezedwapo imene inatsika chotere. Panda wa ku China amatsatira pafupi, ndi 38 peresenti yokha ya zimene nyama ya kukula kwake imayenera kutha.

Zogona nyengo yachisanu zili m'gulu lakelake. Gologolo wa pansi wa ku Arctic, amene Brian Barnes anamuyeza ku Alaska n'kulengeza mu 1989, thupi lake limazizira mpaka madigiri 2.9 kunsi kwa ziro koma magazi osaundana. Chimbalangondo chakuda chimatsitsa mphamvu yake kufika pa kota, n'kukhala miyezi osadya, osamwa, osakodza, mtima utachoka pa 55 pa mphindi kufika nthawi zina pa 9. Kwathu kuno katswiri wa luso limeneli ndi nsomba ya mapapo ija ya m'madambo a kumunsi kwa Shire ndi Zambezi. Madzi akamaphwa imaboola matope, n'kudzikuta ndi mamina ake omwe amene amauma n'kukhala chikwa, kusiya kabowo kopumira. Imakhala momwemo miyezi yonse yachilimwe ikudya minofu yake pang'onopang'ono mpaka mvula itabwera.

Pa kudumpha kuchoka pansi kufika pamwamba palibe wopambana nsato. Stephen Secor ndi Jared Diamond anayeza nsato za ku Burma m'zaka za m'ma 1990. Ikakhala miyezi osadya imazimitsa matumbo ake, moti amafota. Ikameza nyama yolemera ngati iyo yomwe, matumbowo amakulanso m'masiku awiri, ndipo mphamvu imene imatha imatha kukwera kuwirikiza ka 44, njokayo ili chigonere osasuntha n'komwe. Ifenso kugaya kumatidyera mphamvu, pafupifupi 10 peresenti ya makalori a chakudyacho, ndipo ichi ndicho chifukwa chake woyezedwa uja amamuuza kuti abwere asanalawe kanthu. Pakati pa anyani akuluakulu ndi ife, ife ndiye oyaka kwambiri: kafukufuku wa mu 2016 anasonyeza kuti munthu amaposa chimpanzi wofanana naye kukula ndi makalori 400 pa tsiku, ndipo amaposa orangutan ndi 820.

Masamu okhalitsa, olondolako, ndi okondera

Makina oyezera aja ndi odula ndipo amapezeka m'malo owerengeka, choncho pafupifupi aliyense amadalira masamu ongoyerekeza. Okhalitsa kuposa onse ndi a James Arthur Harris ndi Francis Gano Benedict, a mu 1919, amene anachokera pa anthu 239 oyezedwa ku Boston, amuna 136 ndi akazi 103. Papita zaka zoposa 100 koma akadali m'mabuku a anamwino ndi m'mafoni.

Amene akatswiri ambiri a kadyedwe amawakhulupirira masiku ano ndi a Mifflin ndi St Jeor, a mu 1990, ochokera pa anthu 498 a ku Nevada. Ndi osavuta, mungathe kuwachita pakapepala. Chulukitsani makilogalamu anu ndi 10. Chulukitsani kutalika kwanu, m'masentimita, ndi 6.25, n'kuphatikiza ziwirizo. Chotseranipo zaka zanu zochulukitsidwa ndi 5. Pomaliza, mwamuna aonjezere 5, mkazi achotsere 161. Mayi wa zaka 35, wolemera makilogalamu 62, wotalika masentimita 160, apeza 620 kuphatikiza 1,000, kuchotsa 175, kuchotsanso 161, zotsala 1,284. Bambo wa zaka zomwezo, wa makilogalamu 70 ndi masentimita 172, apeza 1,605. Masamu a Harris ndi Benedict akanamupatsa mayi uja 1,380, kusiyana kwa makalori pafupifupi 100 pa munthu mmodzi yemweyo.

Kulondola kwake kuli ndi malire. Atawaunika mu 2005, masamu a Mifflin anafika pafupi ndi muyezo weniweni, mosaphonya ndi 10 peresenti, pa anthu 82 mwa 100 alionse osanenepa kwambiri, ndi 70 mwa 100 onenepa kwambiri. Amenewo ndiye opambana onse, komabe munthu mmodzi mwa asanu amamuphonya kutali. Nambala yotuluka pafoni imabwera ndi timadontho tosonyeza ngati ndi yotsimikizika, pamene ndi poyambira chabe.

Okondera kuposa onse mwina ndi a Schofield, a mu 1985, amene mabungwe a FAO ndi WHO anawatenga powerengera chakudya chofunika ku mayiko. Pafupifupi theka la miyezo yake linachokera ku Italy, yambiri ya anyamata, yotengedwa m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 ndi makina akale. Miyezo imeneyi inali yokwera kuposa ya anthu ena, moti masamuwo ankakweza manambala a anthu a kumadera otentha. Mu 2005 Jeya Henry wa ku Oxford Brookes anakonza ena pogwiritsa ntchito miyezo 10,552, atachotsamo ya ku Italy ija n'kuikamo yoposa 4,000 ya kumadera otentha. Nyengo imalowereradi: anthu a ku Siberia monga a mtundu wa Sakha amawotcha kuposa zimene masamu amanena. Ndipo masamu onsewa anachokera pa anthu athanzi, okhuta bwino. Njala kapena matenda zikalowa, amasokonekera.

Pamene thupi limatsitsa moto

Kuyambira mu Novembala 1944, pa yunivesite ya Minnesota, Ancel Keys anayang'anira anyamata 36 okana kupita kunkhondo chifukwa cha chikumbumtima, amene anadzipereka kuti avutike ndi njala pofuna kuthandiza ovutika a ku Ulaya. Kwa milungu 24 ankadya makalori pafupifupi 1,570 pa tsiku, makamaka mbatatesi, buledi ndi masamba, uku akuyenda makilomita 35 pa mlungu. Anataya kota ya kulemera kwawo, koma mphamvu yawo ya chigonere inatsika ndi 40 peresenti, kuposa mmene kuonda kokhako kukanachititsira. Mitima inachepetsa kugunda, ankamva kuzizira ngakhale kunja kukutentha, ndipo maganizo awo onse anali pa chakudya. Zofananazo zinaoneka mu 2016, pamene Kevin Hall analengeza miyezo ya anthu 14 amene anaonda mofulumira pa pulogalamu ya pa TV ya The Biggest Loser: patatha zaka 6 matupi awo ankawotchabe makalori 500 pa tsiku kucheperapo poyerekeza ndi zoyembekezeka.

Wosala kudya nthawi yaitali kuposa onse odziwika ndi Angus Barbieri wa ku Scotland, amene anatha masiku 382 mu 1965 ndi 1966 akumwa madzi, tiyi, khofi ndi mavitamini, madokotala a ku Dundee akumuyang'anira. Anachoka pa makilogalamu 207 kufika pa 82. Ena oyesa zomwezo anafa, ndipo si njira yoti munthu aitengere.

Nkhani ya kutsika kwa motoyi ndi imene imalamulira chipinda cha ana onyentchera m'zipatala zathu. Mayi wafika ndi mwana wotupa mapazi, tsitsi lapyapyala, wosalira n'komwe. Mtima wake ukufuna kuti mwanayo adye akhute lero lomwe. M'malo mwake namwino akubweretsa kakapu ka mkaka wamadzimadzi, woyezedwa bwinobwino, pa maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe. Mayi akhoza kuganiza kuti akumumana. Koma thupi la mwanayo latsitsa ntchito ya mtima, chiwindi ndi impso kuti lipulumuke, ndipo kulithira chakudya chambiri mwadzidzidzi kungaimitse mtima. Mkakawo, wotchedwa F-75, uli ndi makalori 75 pa mamililita 100, mapuloteni ochepa ndi mchere wochepa mwadala. Njala ya mwanayo ikabwerera ndi pamene amamusinthira ku F-100 kapena chiponde, chimene paketi yake ya magalamu 92 imakhala ndi makalori 500. Pa nthawi yochirayi mwana amafunika makalori 150 mpaka 220 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, pamene bambo wamkulu wathanzi amakwanira ndi 35 kapena 40. Pa kilogalamu, palibe wothamanga aliyense amene amadya chotere kwa milungu yotsatizana.

Pamene thupi limakoleza

Kutentha thupi kukakwera ndi digiri imodzi, mphamvu ya chigonere imakwera ndi 10 mpaka 13 peresenti. Mwana wa malungo amene wafika pa madigiri 40 akuwotcha 30 peresenti kapena kuposerapo pamwamba pa masiku onse, pa nthawi yomwe akukankha supuni. N'chifukwa chake amadzuka masaya atalowa, ndipo akachira amafunika chakudya choonjezera kwa milungu ingapo. Pa za HIV, bungwe la WHO linanena mu 2003 kuti wamkulu amene sanayambe kudwala amafunika 10 peresenti yoonjezera, wodwala 20 mpaka 30 peresenti, ndipo mwana amene akuonda 50 mpaka 100 peresenti. Chifuwa chachikulu nachonso chimadya munthu chimodzimodzi.

Pa zovulala zonse, yokoleza thupi kuposa ina iliyonse ndi kupsa. Munthu wopsa malo aakulu mphamvu yake ya chigonere imatha kuwirikiza kawiri, ndipo imakhalabe yokwera kwa chaka kapena kuposerapo mabala atapola. Thupi likumanga khungu latsopano, likulimbana ndi tizilombo, likutayanso kutentha ndi madzi pabalapo. Mwana amene wagwera pamoto kapena wathiridwa phala lotentha m'miyezi ya Juni ndi Julayi akhoza kugona pabedi mwakachetechete, koma mbale yake iyenera kukhala ndi mazira, nsinjiro, mkaka ndi usipa kuposa ya wina aliyense pabanjapo.

Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira muyezo chimachitanso zomwezi, moti kuyeza magazi kusanabwere madokotala ankazindikira matendawa ndi makina oyezera mpweya aja. Koma wodwala wodabwitsa kuposa onse anali mayi wina wa ku Sweden amene Rolf Luft anafotokoza za iye mu 1962. Ankatuluka thukuta usana ndi usiku, ankadya makalori oposa 3,000 pa tsiku, koma sankafika makilogalamu 40. Mphamvu yake ya chigonere inali pafupifupi kuwirikiza kawiri ya munthu wamba, chithokomiro chili bwinobwino. Vuto linapezeka mu tizigawo ta m'maselo totchedwa mitochondria, timene tinkasandutsa chakudya kukhala kutentha kokhakokha m'malo mosunga mphamvu. Awa anali matenda oyamba a tizigawoti kudziwika.

Mankhwala oopsa kuposa onse oondetsera amachita dala zimene matenda a mayiyu ankachita. Dzina lake ndi DNP. Anayamba kudziwika pamene ogwira ntchito m'mafakitale a zipolopolo ku France ankaonda ndi kufa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1933 ofufuza a ku Stanford anawayesa ngati oondetsera, anthu zikwizikwi ku America n'kuyamba kumwa. Ambiri anachita ng'ala, ena anafa, ndipo mu 1938 analetsedwa. Lero akugulitsidwabe mobisa pa intaneti, ndipo ku Britain apha anthu oposa 30 kuchokera mu 2007, ambiri achinyamata. Munthu akamwa opitirira, thupi limatentha mosabwezeka, ndipo palibe mankhwala othetsera poizoni wake.

Denga

Mphamvu ya chigonere ndiyonso ndodo yoyezera malire a kupirira kwa munthu. Wothamanga mpikisano wa makilomita 42 amatha kuwotcha kuwirikiza ka 15 kwa maola ochepa. Opalasa njinga a Tour de France amafika pafupifupi ka 5 kwa milungu itatu. Ranulph Fiennes ndi Mike Stroud, pokoka katundu wawo kudutsa Antarctica mu 1992 ndi 1993, masiku ena ankatha makalori oposa 10,000, ndipo anabwerako atatsala mafupa okhaokha. Mu 2019 Caitlin Thurber, Pontzer ndi anzawo analengeza miyezo ya othamanga a Race Across the USA, amene mu 2015 anachoka ku California kupita ku mzinda wa Washington, mtunda wa makilomita pafupifupi 5,000 pa milungu 20. Ataika manambala onsewa pamodzi anaona kuti ntchito ikamatalika mzere umatsika, n'kukakhazikika pa kuwirikiza ka 2.5. Malirewo amaikidwa ndi matumbo, amene sangayamwe chakudya choposa pamenepo tsiku ndi tsiku. Wodutsa mzerewu akudya thupi lake lomwe. Kwa mayi wa 1,284 uja, denga lake ndi makalori pafupifupi 3,200.

Pa mndandanda wawo, ntchito yaitali kuposa zonse imene imayenda kufupi ndi dengali inali ya mayi woyembekezera: kuwirikiza ka 2.2 kwa miyezi 9, malinga ndi kuwerengera kwawo. Akabereka, kuyamwitsa kumafunanso makalori ena pafupifupi 500 pa tsiku. Ndipo mayi wa kumudzi sasiya khasu chifukwa cha pakati.

Zimene zimachitika chakudya chikaperewera zinaonekera bwino ku Keneba, m'dziko la Gambia, kumene nyengo ya njala imakumana ndi nyengo ya kupalira ngati mmene zimakhalira kuno mu Januwale ndi Febuluwale. Andrew Prentice ndi anzake anapeza kuti amayi oonda a kumeneko, m'miyezi yoyamba ya pakati, matupi awo ankatsitsa mphamvu ya chigonere m'malo moikweza ngati mmene ankachitira amayi okhuta bwino a ku Ulaya. Thupi linkadzimana kuti mwana apezeko kanthu, koma ana ambiri ankabadwabe ochepa sikelo, makamaka m'miyezi ya njala. Pa kafukufuku wina wa m'midzi 28, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1997, amayi oyembekezera ankapatsidwa mabisiketi a mtedza, ufa wa mpunga, shuga ndi mafuta, okwana makalori pafupifupi 1,000 pa tsiku, kuyambira pa mlungu wa 20. Ana obadwa m'nyengo ya njala analemera magalamu 200 kuposa a m'midzi imene amayi sankalandira mabisiketiwo ali ndi pakati, ndipo chiwerengero cha ana obadwa atafa chinatsika ndi theka.